Ndodo Yomwe Ndinapita Nayo ku Doha

Amene analipo tsiku limenelo ndiwatchula onse, kuti pasadzapezeke wina wonena kuti iye sanaone. Panali mwana wanga wamwamuna, wachisamba, amene sinuka ndiyo ntchito yake kuno ku Doha. Panali mkazi wake, mpongozi wanga, wolandira odwala pa kiliniki ina ya mano. Panali dalaivala wa basi ya kampani, Mzambia wa ku Chipata, munthu wojambula chilichonse ndi foni, ngakhale mbale ya mpunga. Panali mkulu wina wa ku Machinga, wophika m'nyumba ya Mwarabu, wandevu zoyera ngati zanga, amene ine ndinkati munthu wopemphera chotere sangabise chilungamo. Panali refa, Mwiguputo wamtali wa magolovesi oyera. Ndiye panali ine. Onsewo maso awo ndi abwinobwino. Wa maso ofooka pamalopo ndinali ine ndekha, ndipo ankadziwa.

Ine kusukulu sindinakhalitseko. Izi ndikulemba ngati munthu wosenza matumba a simenti, mzere umodzi n'kupuma. Koma ku Limbe funsani za sinuka, akulozerani kwathu. Ndinalowa pakalabu ndisanamere ndevu, ntchito yanga kupukuta nsalu ya tebulo ndi burashi n'kuisita. Mabwana asanafike ndinkatenga ndodo yakale yokhota n'kumagunda mipira. Sipanapite zaka zambiri, mabwana omwewo anayamba kundiitana: "Bwera umenye ndi uyu, akuti amatha." Ndikamwetsa mpira wakuda m'dzenje ndinkakuwa moti a kusiteshoni ya sitima ankamva. Anandiletsa, ati sinuka ndi masewera achete. Ndinati masewerawo akhale chete, ine ayi. Ndikaluza, inde, ndinkapsa mtima. Ndani sapsa mtima? Munthu woluza n'kumamwetulira ndiye kuti sankafuna kuwina.

Ndodo yanga anandipatsa Mmwenye wina wasitolo pomwe ankasamukira ku Mangalande. Ndi ya mtengo umodzi, yosamasula pakati, kogwirira kunada ndi thukuta langa. Sindinabwerekepo munthu aliyense, ngakhale mlamu wanga amene anandithandiza pa ukwati.

Mwana wangayu ndinamuphunzitsa ataimirira pa kireti ya mabotolo, chifukwa tebulo linkamulekeza m'chibwano. Ndinamupatsa malamulo awiri. Loyamba: pomenya, maso akhale pa mpira, kaya denga likugwa. Lachiwiri ndi la faulo. Pa sinuka ukakhudza mpira ndi chala, ndi malaya, kaya ndi mimba, umadzuka wekha n'kunena kuti faulo, ngakhale refa akuyang'ana kumbali. Ndipo mnzako akakhudza osamva, umamuuza. Kumuuzako ndiye ulemu. Ukakhala chete ndiye kuti wamuyesa mwana, kapena chidakwa cha pa pulu ya kubala. Izi ndinamubwerezera mpaka ankazinena kutulo. Kenako ndinamuonetsa ndodo ija. Ndinati, "Iyi suigwira. Tsiku lomwe udzandigonjetse gemu imodzi yokha udzaitenge, ndipo ine ndidzasiya."

Mwanayo anakula n'kundiposa kutchuka. Anawatha a ku Blantyre, anawatha a ku Lilongwe. Anakwera mabasi kupita ku Lusaka, ku Harare, ku Joni, akugona m'madepoti ndodo yake ataikumbatira kuopa akuba. Ku Iguputo anakamupukuta tsiku loyamba lomwelo. Anabwera ataonda, n'kukhala miyezi akugulitsa matchaja a foni pamsika, anthu akulozerana kuti katswiri uja ndi uyu. Ine ndinamuuza kuti akalira alirire kuchimbudzi, mmawa ndimupeze patebulo. Anadzukanso. Potsiriza kalabu ina ya kuno inamutenga pa kontilakiti. Mmawa amaphunzitsa ana a Aarabu kagwiridwe ka ndodo, kukakhala mpikisano amavala tayi wa gulugufe n'kukamenyera kalabuyo. Nyumba ya malata yomwe ndimagonamo ku Limbe inachokera pa nsalu yobiriwirayo.

Koma akabwera kwathu pa holide tinkapita kukalabu, gemu imodzi, ndipo ndinkawina ndine. Chaka ndi chaka. Nthawi zina pa wakuda, nthawi zina pa wapinki, koma ndine. Anthu ankadabwa, ine ayi. Ndinkawauza kuti mwana akaona bambo ake kutsidya kwa tebulo, chigongono chimalemera. Nkhani imeneyi ndinkayenda nayo m'minibasi, kumaliro, pamzere wa kuchipatala: "Mwana wanga amagonjetsa Aarabu, Amwenye, azungu, koma ine sanandigonjetsepo!" Malemu mayi ake kukalabu sankapondako. Ankangotidikira pakhomo n'kufunsa, "Wawina ndani?" Ndikati ndine, ankati, "Chabwino," n'kulowa kukapakula. Ine ndinkati mkazi uyu sadziwa kuyamikira.

Chaka chino maso anayamba kuchita nkhungu. Ng'ala. Mpira wabulauni ndi wofiira inayamba kufanana ikakhala kutali. Mwana anatumiza tikiti kuti madokotala a kuno adzandione. Ndinanyamula ndodo. Pabwalo la ndege ankafuna kuiponya pamodzi ndi masutikesi, ndinakuwa mpaka anaikulunga bwino n'kuimata pepala lofiira.

Chomwe sindinauze munthu n'choti ndinabwera kudzagonja. Ndinkadziwa kuti nthawi yakwana. Ndinkafuna andimenye koopsa, pa tebulo lake, pamaso pa anthu, kenako ine ndiimirire ndimupatse ndodo ndi manja awiri. Mawu odzanena ndinawakonzera m'ndege, ndikuwayeserera chamumtima. Nditafika, Lachinayi lake ndinakamuonera akumenya ndi bambo wina wa ku Pakistani. Bamboyo anangoyambitsa gemu n'kukhala pampando, basi sanadzukenso. Anamwa madzi, anapukuta ndodo, anamwanso madzi, mwana wanga akungozungulira tebulo ngati akukolola. Chisoni analibe ngakhale pang'ono. Ndinakuwa, anandiletsa kuno komwe. Mumtima ndinati, mawa pampando pajapo ndikhalapo ndine, ndipo ndikhalapo ngati mfumu.

Linali Lachisanu, tsiku lomwe kuno anthu amapuma. Tinachoka ku Al Mansoura, komwe amakhala m'kafulati ka pamwamba pa shopu ya matayala, kupita ku Al Mirqab, komwe kuli kalabu yake, anthu atatuluka kumzikiti. Dziko lino n'losokoneza. Panja ungakazinge dzira pa boneti, koma ukangolowa m'nyumba zawo, makina oziziritsa aja amakubwezera ku Dedza mwezi wa Juni. Mpongozi anali atandigulira jekete lalikulu, lotakata manja. Moyo wanga wonse ndimamenya nditapinda manja a malaya mpaka m'chigongono. Tsiku limenelo mafupa ankawawa, jekete sindinavule.

"Bambo, ndikupatseniko mapointi poyambira?" anafunsa mwana akupaka choko.

"Ukapatse tiana ta mabwana ako. Iwe ndinakuimika pa kireti ine."

Mzambia anaseka, foni ili m'mwamba. "Ba mudala, muchayeni! Uyu amadzimva maningi kuno."

"Madala, ambulansi ili pafupi, musadandaule," anatero mwana.

"Udziitanire wekha."

"Yala," anatero refa, ndiye kuti tiyeni.

Tebulo lawo ndi lothamanga ngati galasi, maenje ake opapatiza. Poyamba ndinavutika. Mwana anamwetsa ofiira angapo ndi akuda ake, ine nditakhala, mtima ukuti eya, ndi zimenezi. Kenako anaphonya wofiira wa dzenje lapakati. Ndinadzuka. Woyera unali kutali, ndinachita kugona patebulo, kudutsa pamwamba pa ofiira otsala, n'kumenya wautali wa kungodya. Unalowa osakhudza m'mbali. Kho! Phokoso limenelo ndinali nditalisowa.

"Mwaona? Mwaona inu a ku Machinga?"

"Mashaala, akuluakulu," anatero mkulu uja. "Dzanja likadalipo."

Magazi anabwerera m'thupi. Mawu a m'ndege aja anayamba kundithawa. Tinakokerana mpaka patebulo panatsala wapinki ndi wakuda, mapointi ali pafupipafupi. Wapinkiwo unali wake, wosavuta, woti angaumwetse atatsinzina. Unagunda mlomo wa dzenje n'kuima pomwepo. Ndinaumwetsa. Ndinamwetsanso wakuda. Refa anati gemu yatha, onse anaomba m'manja, mwana anabwera kudzandigwira chanza atawerama. Ndinamusisita paphewa, ndinati, "Mwina chaka chamawa." Ndodo ndinaibwezera m'chikwama chake.

Dzuwa litafooka anandipititsa ku Corniche kukayenda m'mbali mwa nyanja. Anthu anali mbwee, mabanja, othamanga, ena atangokhala pa udzu kudya. Ine ndodo ili paphewa. Ndinaimitsa Mkenya wina wa yunifolomu ya ulonda n'kumuuza m'Chizungu changa chothyokathyoka kuti uyu ndi tchampiyoni, ine ndine bambo wa tchampiyoni, ndipo ndamumenya lero. Ndinalanda foni ya mwana n'kuimbira anzanga a kukalabu ku Limbe. "Ngakhale kwawo komwe! Ndi maso a nkhungu! Muwauze onse!" Kumeneko ndinamva akukuwa, wina akumenya tebulo ndi botolo. Mpongozi ankayang'ana nyumba zitalizitali za kutsidya. Mwana ankayenda patsogolo, manja ali m'matumba. Ndinati manyazi a kuluza, amusiye.

Titabwerera ku Al Mansoura tinalowa m'kalesitilanti ka Amwenye komwe amagulitsa tiyi wamkaka m'timakapu tapepala. Ndinauza Mzambia, "Tandionetsa wautali uja."

Anazengereza. "Ba mudala, batire ifuna kusila."

"Ndionetse!"

Ndinavala magalasi owerengera, omwe patebulo sindivala, n'kuika foni pafupi ndi mphuno. Ndinauona. Wokongola. Ndinati bwezera. Anabwezera. Ndinati kulitsa ndione kagonedwe kanga patebulo, a ku Limbe akaphunzirepo. Anakulitsa ndi zala.

Pamenepo ndipo ndinaona mkono wa jekete ukulendewera pansi pa chigongono changa, ukukoka mpira wofiira. Osati kuugwedeza pang'ono ayi. Unayenda ndithu, kutalika kwa chala. Refa akuoneka akutsegula pakamwa, dzanja la golovesi likukwera. Ndiye mwana wanga, kumbuyo kwanga, akumupukusira mutu kamodzi. Dzanja lija likutsika. Mpongozi akuyang'ana pansi. Mkulu wa ku Machinga akugwira ndevu. Kenako mawu anga akuphulika m'fonimo: "Mwaona? Mwaona inu a ku Machinga?"

Anaonadi.

"Pititsa pa wapinki," ndinatero. Mawu anatuluka aang'ono moti ine mwini sindinawazindikire.

Pa wapinki mwana akuwerama bwinobwino, miyendo m'malo mwake, chibwano pa ndodo, monga ndinamuphunzitsira. Ndodo ikubwerera m'mbuyo. Ndipo pomenya penipeni maso ake akuchoka pa mpira n'kubwera kwa ine. Munthu uyu denga likhoza kugwa osaphethira. Sanaphonye. Anauika pamlomo wa dzenje dala, monga amaikira chakudya pafupi ndi wodwala.

Ndinaika foni pansi. "Inu a ku Machinga, munaona jekete lija?"

"Akuluakulu, tiyi akuzizira."

"Ndafunsa, munaona?"

"Ndinaona. Koma ndi masewera chabe, khalasi, zatha. Mwana wakulemekezani."

"Kundilemekeza! Inu kumzikiti wotsogolera pemphero akalakwitsa, a kumbuyo mumakhala chete kuti mumulemekeze?"

Anayamba kuzunguza kapu.

"Ine nenze chabe kujambula, ba mudala," anatero Mzambia.

"Ndiye batire ija yatha?"

Mpongozi anayesa kulowererapo, mawu ake ofatsa aja a kukiliniki. "Bambo, jekete lija ndinagula ndine. Vuto ndi langa."

"Mayi, jekete lilibe pakamwa. Inu muli napo."

Apa n'kuti nditaimirira, a m'matebulo ena atatembenuka, Mmwenye wa pakauntala akundikupizira manja kuti nditsitse mawu. Ndinatembenukira mwana. "Iwe! Lamulo lachiwiri likuti chiyani?"

Anayankha ngati akadali pa kireti paja. "Mnzako akakhudza osamva, umamuuza."

"Ndiye ine sindine mnzako? Ndine chiyani? Wandikweza ndege kudzandiseweretsa ngati tiana ta mabwana ako, tija umatisiyira kuti makolo awo asakuchotse ntchito?"

Zimenezo zinamulasa. Ndinaona, ndipo ndinakondwa.

Mundimvetse. Refa ndi wolembedwa ntchito, mwina anaopa. Mzambia ndi wa phokoso chabe. Koma onse pamodzi anandisiya ndikuwe pa Corniche, ndiimitse mlonda wa eni ake, ndiimbire ku Limbe, iwo akudziwa. Ankayenda pambali panga ngati anthu operekeza wamisala. Ndipo chomwe ndinabwerera anandilanda. Munthu wamenya sinuka moyo wake wonse amayenera kumalizidwa bwinobwino, ndi mwana wake, anthu akuona. Bambo wa ku Pakistani uja, mlendo, anamupatsa ulemu umenewo. Ine bambo ake anandimana.

Pano ndikulemba diso limodzi andipala kale, likuona mpaka fumbi la pa windo. Iwo amapita kuntchito, ine ndimatsala ndi makina oziziritsa. Jekete ndinalipachika kuseri kwa chitseko, bola ndizizidwe. Ndodo ili pamwamba pa wadiropu. Kumupatsa sindingathe, chifukwa sanandigonjetse. Kuigwira sindingathenso. A ku Limbe amaimba foni kufuna kumva nkhani ija kachiwiri, ndimauza mpongozi awauze kuti ndagona. Koma ndisadumphe, ndimalize za tsiku lija.

Ndinatuluka m'lesitilanti muja ndi ndodo yanga. Kutentha kunandimenya kumaso. Ndinayenda kudutsa mashopu a foni ndi ometera tsitsi, njira ya kufulati osaidziwa, nyumba zonse zofanana. Kumbuyo ndinkamva mapazi. Ndinaima pafupi ndi shopu yochapira zovala, osatembenuka.

"Mawa tibwerereko," ndinatero. "Popanda jekete, popanda foni. Umenye zenizeni. Zaka zonsezi wakhala ukundilephera, chabwino, zimenezo n'zanga, palibe angandilande. Lero lokha wandimvera chisoni chifukwa cha maso. Chisoni chako sindichifuna. Wamva?"

Anabwera kudzaima kutsogolo kwanga, munthu wamkulu, imvi zayamba kale m'mbali mwa makutu. Anayang'ana ndodo, kenako anayang'ana ine, nthawi ino osathawitsa maso.

"Bambo, si lero lokha," anatero. "Ndinayamba kukusiyirani ndili ku sekondale. Tsiku lina ndinatsala pang'ono kukugonjetsani, munafika kunyumba osalankhula ndi munthu, mbale munakankhira uko. Amayi anandiitanira kuseri, anati, 'Uziwina kwina konse mwana wanga, koma bambo ako uziwasiyira, tizidya mwamtendere m'nyumba muno.' Pakhomo paja akamafunsa kuti wawina ndani, sankafunsa inu. Ankafunsa ine."